Wailesi ya Mkati mwa Laputopu

Ana anga Tadala ndi Mphatso, m'sutikesi yanga yobiriwira, pansi pa makadi anu a sikelo, muli kalata ya chidindo yolembedwa pamwamba kuti CHENJEZO. Tsiku lina ine kulibe mudzaipeza, ndiye ndati ndilembe ndekha mmene inabwerera, kuopa kuti mungadzayang'anane n'kumati kodi amayi anaba chiyani ku ntchito. Sindinabe. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, mukudziwa, choncho muwerenge ngati ndikukuuzani pakamwa. Msanawu wandipumitsa ntchito nthawi isanakwane, mpata wolemba ndili nawo wambiri.

Chaka chimene Tadala anabadwa, ku Mavwere

Za ubwana wanga ndizidumpha, mulibe chachilendo. Ntchito yanga yoyamba inali yosankha mtedza pa depoti ya bungwe la alimi ku Mavwere. Tinkakhala azimayi asanu ndi mmodzi pa lona, miyendo titatambasula, kuchotsa wowola, wofwapa ndi timiyala, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndinayamba ndili ndi pakati pako iwe Tadala, bambo ako atawoloka malire kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya. Anati akakhazikika atumiza mawu. Mawuwo mpaka lero sanafike. Pa depotipo chilichonse chinkaperewera. Masaka ankatha mtedza uli mulu, singano yosokera masaka inali imodzi yokha, ikasowa tonse tinkagwada kuifunafuna m'makoko, ndipo kawirikawiri woipeza ndinali ine. Sikuti ndinali wochenjera ayi, koma munthu wamantha amaona zonse. Ndinkadziwa amene wabwera atakwiya asanayankhule, ndinkadziwa thumba limene lasunthidwa, ndinkamva njinga yamoto ya bwana ikadali kudambo. Kapitawo wathu anaziona zimenezo, ndiye atamva kuti ku ofesi ya bungwe kufupi ndi Ludzi akufuna munthu wosesa ndi kutumidwa, anatchula dzina langa.

Tadala ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ku Ludzi

Ofesiyo inali ya zipinda ziwiri, kumbuyo kwake kuli shedi yoyezera mtedza. Bwana anali a Mbewe, munthu wamtali, wosakonda kubwereza mawu. Kalaliki anali a Sakala, mtsikana wa msinkhu wanga amene anali atangomaliza kozi ya makompyuta, nawonso anali atsopano. Mlonda anali a Daka, achikulire, amene kawailesi kawo sikankachoka m'manja. Tsiku loyamba a Mbewe anandiyang'ana, kenako anayang'ana iwe Tadala kumbuyo kwanga.

"Amake mwana, malamulo ndi awiri. Loyamba, sikelo ya pano ndi ya mtedza, si ya ana. Mwana asalowe mu ofesi. Lachiwiri, makina ali patebulowo musawakhudze, ngakhale ndi nsalu. Muzipukuta mozungulira. Tikuyesani miyezi itatu. Mwamva?"

"Ndamva, bwana."

Ndinamvadi. Iwe ndinkakusiya kwa mayi wina wogulitsa zitumbuwa pansi pa mtengo wa mango kutsidya kwa msewu, n'kumathamangira kukakuyamwitsa ndikatumidwa kunja. Khutu limodzi linkamvera bwana, lina linkamvera kumango.

Makina ankanenedwawo anali laputopu yakuda, yakale, yochokera ku likulu ku Lilongwe. Batire yake inali yakufa, ukangoizula ku magetsi a sola pomwepo yazima. Intaneti inkachokera m'kabokosi koyera kokhomedwa pakhoma, chingwe chake chinakwera padenga mpaka pamwamba pa nsungwi yaitali, poti pamalopo netiweki inali yovuta. Mafoni ukawaimbira mu ofesi ankangodumphira ku netiweki ya ku Zambia, wofuna kuyankhula bwinobwino ankakwera pachulu kuseri kwa shedi. Pakati pa laputopu ndi kabokosiko panalibe chingwe, zinkangomvana mumphepo, ine sindinkadziwa kuti zimatheka bwanji. Chimene ndinkadziwa, poti ndinkapukuta mozungulira tsiku lililonse, n'chakuti kutsogolo kwake, m'mphepete mwa m'munsi, kunali kanyali kakang'ono ngati njere ya mapira, kabuluu.

Okutobala wa chaka chomwecho, Lolemba

Sabata imeneyo inali yotumiza ku likulu mayina a alimi olandira mbewu ya mtedza. Anati pofika Lachisanu mayina akhale atafika, apo ayi galimoto ya mbewu idzadutsa dera lathu osaima. Lolemba m'mawa ndinapeza pansi pa mango palibe munthu. Mayi wa zitumbuwa anali atapita ku maliro. Ndinaima pamsewu, kubwerera kunyumba ayi, kukusiya pansi ayi, kujomba m'mwezi wachiwiri woyesedwa ayi. Ndinaona kuti njinga yamoto ya a Mbewe palibe, a Sakala ali ku shedi akuthandiza kuyeza, laputopu aisiya yotsegula. Ndinati ndisesa mofulumira, palibe aone. Ndinalowa nawe.

Unayamba kudandaula, ndiye ndinakutembenuzira kutsogolo kuti ukhale chete, ndinawerama kusesa pansi pa tebulo, podzuka ndinapeza kadzanja kako kali pa kanyali kabuluu kaja, konyowa, poti unali ukumera mano. Ndinachotsa dzanja lako, ndinaona malovu akuyenderera m'mphepete mwa makina, ndinagwira nsonga ya chitenje n'kupukuta kamodzi, mwamphamvu. Pansi pa chala changa china chake chinatsetsereka, kuti tche. Kanyali kaja kanasanduka kofiirira ngati papaya wakupsa.

Ndinatuluka osamaliza kusesa. Iwe ndinakakugoneka m'kanyumba ka a Daka kugeti. Iwo anangokuyalira jekete lawo, sanafunse kanthu.

Sipanapite nthawi ndinamva a Sakala. "Iii, netiweki yapita kuti?" Ndinalowa ndi tiyi. Pakona ya sikirini, pamene pankaoneka timizere tokwera ngati masitepe, panali kamtanda kofiira. Akadina pamenepo, m'malo moonetsa dzina la kabokosi kathu, pankangokhala poyera. Palibe netiweki ngakhale imodzi. Anazimitsa laputopu n'kuyatsanso katatu. Anazula kabokosi, anawerenga mpaka sate, anabwezera. Tinanyamula tebulo tonse awiri kuliika pansi penipeni pa kabokosi. A Daka anakwera pamakwerero kukatembenuza nsungwi, kaya kuyang'anitsa ku Boma, kaya ku Lilongwe. Palibe. A Mbewe atabwera anatulutsa foni yawo, anatenganso ya a Sakala, anaziika pambali pa laputopu. "Mafoni onse awiri akukaona kabokosi. Laputopu yokha ndi imene siikukaona. Ndiye nsungwiyo ilekeni, a Daka, tsikani musanathyoke. Vuto lili m'makinamu."

Lachiwiri zinali chimodzimodzi. Ine ndinkasesa malo osesasesa, maso ali pa kanyali kofiirira. Palibe wina ankakayang'ana, poti onse ankayang'ana pa sikirini. Mumtima ndinkati malovu a mwana wanga alowa mkati, awotcha makina a bungwe, ntchito yanga yatha. Ndipo ntchitoyo ikatha, ufa wa phala lako ndi sopo wa matewera ndikanazitenga kuti?

Lachitatu, pachulu

Lachitatu a Mbewe anaimbira a Jere, katswiri wa makompyuta wa ku likulu. Taonani vuto lake: foni imamveka pachulu pokha, laputopu siingachoke pa magetsi. Ndiye a Mbewe anakwera pachulu, a Sakala anakhala patebulo, ine ndinakhala waya wa pakati, kuthamanga kuzungulira shedi ndi mawu m'kamwa.

"Akuti muzimitse n'kuyatsanso."

"Kawauzeni kuti tachita kakhumi."

Ndinathamanga. Ndinabwera.

"Akuti mudine pa kamtanda muwerenge zimene zalembedwa."

A Sakala anandiuza chizungu chake, ndinachigwira m'mutu ngati madzi m'manja, pofika pachulu theka litatayika. A Mbewe anapukusa mutu, koma a Jere anamva. Kenako a Mbewe, foni ili kukhutu, anakuwa: "Akuti muone ngati wailesi ili yoyaka! Ngati ili yozima muyatse!"

Ine ndinadabwa, koma amene amatumidwa safunsa. Ndinathamangira kugeti. "A Daka, bwana akuti wailesi." Anandipatsa. Ndinalowa nayo mu ofesi, ndinaiika pafupi ndi laputopu, ndinakweza mlongoti wake, ndinakweza mawu. Munali nyimbo ya kwaya. Ndinabwerera pachulu ndili wefuwefu. "Bwana, yayaka. Ikuimba."

"Ikuimba?"

Anatsika pachulu foni ili m'manja. Atafika pakhomo anapeza a Sakala atagwira m'mimba, misozi ili chuchuchu ndi kuseka, kwaya ili pakati pa korasi. A Mbewe, amene sindinawaonepo mano, anatsamira chitseko n'kuseka mpaka kutsokomola. A Daka anabwera kudzaona. "Nanga si mwati wailesi, bwana? Yanga ndi yomweyo, ina ndilibe."

A Sakala atapukuta misozi anandifotokozera. "Amake Tadala, si wailesi ya nkhani. Mkati mwa laputopu muli kachipangizo kakang'ono kamene kamagwira netiweki mumphepo, kopanda waya. Pachizungu dzina lake limamveka ngati wailesi." Ndinachita manyazi mpaka makutu kutentha. Ndinati pepani, n'kubwerera ku ntchito yanga yothamanga.

A Jere anati afufuze batani la chithunzi cha mlongoti pamzere wa pamwamba, alidine pamodzi ndi lina la pakona. Anadina. Palibe. Anati atsegule mndandanda wa zipangizo za mkati aone ngati dzina la kachipangizoko lilipo. Linalipo. Anati akachotse pa mndandandawo, azimitse, ayatse kuti laputopu ikapezenso yokha. Inakapezadi, koma netiweki ayi. Pamapeto a Jere anati mwina kapsa, ndipo anafunsa ngati makinawo anagwapo kapena kunyowa.

A Mbewe analowa mu ofesi kuseka kutawathera. Ine ndinali pakhomo.

"A Sakala, Loweruka munapita nayo kunyumba."

"Kukamaliza kulemba mayina, bwana. Munandilola."

"Pa kabaza. Chizimalupsa chikugwa."

"Inali m'jumbo, bwana, jumbo ziwiri. Ndipo Lolemba m'mawa inkagwira bwinobwino."

"Madzi amalowa pang'onopang'ono. Mawa ndilemba lipoti. Ku likulu adzafuna dzina la munthu, ine sindingawapatse dzina la mvula."

A Sakala anatuluka. Anapita ku shedi, anakhala pa thumba atayang'ana kukhoma. Nawonso anali m'miyezi yawo yoyesedwa.

Poweruka ndinakabweza wailesi kugeti. A Daka anati, "Musadandaule, amake Tadala, lero mwatiseketsa, kuseka nakonso ndi mankhwala. Komatu wailesi ndi wailesi. Yangayi ikakana kuyankhula sindithamangira mabatire, ndimayamba ndaona poyatsira." Anatsetsereza kaswichi ka pambali ndi chala chachikulu kuti azimitse. Kanati tche.

Phokoso lake linali lomwe lija.

Njira yonse yopita kunyumba ndinkayankhula ndekha, iwe uli kumbuyo ukusewera ndi mpango wanga. Ngati mkati mwa makinawo muli wailesi, ndiye kuti ili ndi poyatsira pake. Ngati ili ndi poyatsira, ndiye chimene chinatsetsereka pansi pa chitenje changa n'chimenecho. Ndiye sinapse. Ndinaizimitsa ndine. Koma kuti ndinene, ndiyenera kunena kuti ndinakhudza makina, ndipo akandifunsa chifukwa, ndiyenera kunena za malovu, ndipo malovu ali ndi mwini wake. Malamulo anali awiri okha, ine ndinaswa onse m'mawa umodzi.

Lachinayi

M'mawa ndinapeza a Mbewe ali kale patebulo, laputopu ili yoyaka pambali, akulemba lipoti ndi bolopeni. A Sakala anali ku shedi akukopera mayina pamapepala ndi dzanja, mwina akwere nawo minibasi. Foni ya a Mbewe inalira, anatuluka kupita pachulu. Ndinatsala ndekha ndi makinawo, nsalu ili m'manja.

Ndinagwada. Ndinakaona. Kaswichi kakuda pa pulasitiki yakuda, m'munsi mwa kanyali, kuti ukaone mpaka utagwada ngati wosesa. Pambali pake panali kachithunzi kofufutika ka mlongoti. Chala changa chinali pafupi, ana anga, pafupi ndithu. Ndikanangokankha, n'kutuluka, netiweki ikanabwera, onse akanati madzi auma, ine ndikanapitiriza kusesa mpaka kukalamba. Koma maso anga anagwera pa pepala lili patebulo. Chizungu sindichidziwa kwenikweni, koma dzina ndimaliwerenga. Linali la a Sakala, atalilemba mzere kunsi. Netiweki ikanabwera yokha, pepala limenelo likanapitabe, poti aliyense akanati anainyowetsadi, mwayi chabe kuti yauma.

Ndinadzuka. Ndinaima pambali pa tebulo manja kumbuyo, kudikira. Mphindi zimenezo zinali zazitali kuposa tsiku la kuchipatala pobadwa iwe Tadala.

"Mwaima bwanji ngati msilikali?" anatero a Mbewe polowa.

"Bwana, ndili ndi mawu." Ndinangowatulutsa onse pamodzi. "Lolemba ndinalowa ndi mwana muno poti mayi wa zitumbuwa kunalibe, mwana anagwira makina, anawadontheza malovu, ndinapukuta ndi chitenje, china chake chinatsetsereka, kanyali aka kanali kabuluu kuyambira tsiku limene ndinayamba ntchito, kuchokera pamenepo ndi kofiira. A Sakala sanalakwe. Ndikuganiza kuti poyatsira wailesi ija ndi apa."

Kenako munthu wamtali uja anapinda mawondo, anagwada pa simenti, anavala magalasi. "Kuti?" Ndinaloza osakhudza. Anakankha ndi chikhadabo. Tche. Kanyali kanaphethira kawiri, kanakhala kabuluu. Pakona ya sikirini kamtanda kanachoka, dzina la kabokosi kathu linatulukira, timizere tinakwera mpaka pamwamba.

"A Sakala!" anakuwa akadali chogwada. "Siyani bolopeni!"

Mayina anapita dzuwa lisanafike pamutu. A Mbewe anakwera pachulu kukauza a Jere, ndinamva akuti, "Mtundu wakalewu uli ndi swichi kutsogolo, achimwene. Ayi, si ine ndaipeza." Atabwera anang'amba lipoti lija pakati, anatenga pepala lina, anandiitana. A Sakala anali pomwepo.

"Amake Tadala, za mwana sindilemba. Sindinamuone. Za kupukuta sindilemba, fumbi la pano ndimalidziwa. Koma kuyambira Lolemba mpaka lero munkadziwa kuti kanyali kasintha, ife tikukweza munthu wachikulire padenga, mnzanu akulira ku shedi. Ndilemba zimenezo."

"Ndinkaopa, bwana."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndi chenjezo, osati kalata ina ija. Miyezi yoyesedwa ndawonjezera itatu. Sainani apa."

Ndinasaina, mudzaona mmene dzina langa lapindikira. Kenako anadula kaselotepi n'kumata pa kaswichiko, n'kundiuza kuti kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse ndiziyamba ndayang'ana kanyali, kakasintha ndizinena nthawi yomweyo, ngakhale iwo ali pa msonkhano.

A Sakala sanandiyankhule sabata yathunthu. Tiyi ndikawaikira ankangosuntha kapu. Sindinawadandaule. Lolemba linalo anati, osandiyang'ana, "Tabwerani kuno, Mayi Wailesi, ndikuonetseni poyatsira penipeni, kuti mukadzazimitsanso muzidziwa chimene mwazimitsa." Galimoto ya mbewu inabwera mvula yeniyeni isanayambe. Miyezi isanu ndi umodzi itatha anandilemba ntchito yokhazikika.

Zaka zotsatira, ku Guilleme ndi ku Boma

Dzina la Mayi Wailesi linandiperekeza kulikonse. Atanditumiza ku ofesi ya ku Guilleme, iwe Mphatso utangoyamba kuyenda, ndinapeza alidziwa kale, koma nkhani yake ankaidziwa theka, la kwaya lokha. Kumeneko bwana anali mayi waukali amene ankawerenga masupuni a shuga, ndipo mapepala akatha tinkalemba kumbuyo kwa mafomu akale. Ku Boma ndinakhala nthawi yaitali kuposa kwina konse, ndikunyamula mafayilo ndi ndowa mpaka msana unati basi. Malaputopu a masiku amenewo analibenso kaswichi kaja, anali ndi batani la chithunzi cha ndege, ukalidina mosadziwa netiweki yonse imasowa chimodzimodzi. Kangapo ndinkaona ophunzira bwino akutuluka thukuta, akuzula mabokosi, akuimba mafoni, ine ndili ndi mopu pakhomo. Ndinkatsokomola pang'ono n'kunena kuti, "Pepani bwana, wailesi mwayatsa?" Ena ankaseka. Ena ankayang'ana n'kudina. Sindinadikirenso masiku atatu.

A Mbewe anamwalira ine ndili ku Boma. Ku maliro ndinakumana ndi a Sakala, tinakhala mkeka umodzi, kwaya itayamba kuimba anandigwira mkono, tonse tinabisa nkhope m'zitenje, anthu ankayesa tikulira kwambiri.

Ndiye kalatayo mukaipeza musaing'ambe, musachite nayo manyazi. M'zaka zanga zonse za ntchito ndi yokhayo. Iwe Tadala, ukamaseka kuti unawononga laputopu usanathe kuyenda, dziwa kuti pa pepalapo sunatchulidwe. Malovu anali ako, koma kukhala chete kunali kwanga, ndipo dzina lili pamenepo ndi loyenera.